Mwana wa Otizimu Kusukulu: Adzasewera Ndi Ndani pa Buleki?

Pa 15 June 2023, m'tauni yaing'ono ya Forest, m'chigawo cha Mississippi ku America, munamwalira agogo ena a zaka 89, a Donald Triplett. Anthu a m'tauniyo ankawadziwa ngati bambo wa kubanki amene anagwirako ntchito zaka pafupifupi 65, wokonda gofu, wa chizolowezi chopatsa anthu manambala m'malo mwa mayina. Koma m'mabuku a madokotala amadziwika mwa njira ina. Mu 1943, dokotala wa maganizo a ana wa ku Baltimore, a Leo Kanner, analemba za ana 11 amene khalidwe lawo silinkafanana ndi matenda alionse odziwika pa nthawiyo. Woyamba pa mndandandawo anali Donald. Ndiye amene amawerengedwa kuti ndi munthu woyamba kupezeka ndi vuto limene lero timalitcha otizimu, lomwe pa mapepala a kuchipatala limalembedwa kuti autism.

Ali wamng'ono, Donald sankacheuka akaitanidwa. Mayi ake akalowa m'chipinda sankawathamangira. Ankatha nthawi yaitali akuzunguza zivundikiro ndi timatabwa pansi, uku akubwereza mawu amodzimodzi, ndipo zinthu zikapanda kuyenda mmene anazolowerera ankalira mosatonthozeka. Mu 1937 makolo ake anamvera malangizo a nthawi imeneyo n'kukamusiya kumalo osungirako ana. Patatha chaka anakamutenga, ngakhale kuti mkulu wa pamalopo anawalangiza kuti angomusiya komweko.

Ali ndi zaka pafupifupi 9 anakakhala kumudzi ndi banja lina la alimi, ndipo a Kanner atakamuona kumeneko mu 1945 anagoma ndi nzeru za alimiwo. Mwanayu ankakonda kuyeza zinthu, iwo anamuuza kuti azithandiza kukumba chitsime n'kumawauza kuya kwake. Ankangokhalira kuwerenga mizere ya chimanga, iwo anamuphunzitsa kulima ndi hatchi kuti aziwerenga mizereyo uku akulima. Ankapitanso pa sukulu ya m'mudzimo, pamene aphunzitsi ndi ana anangomulandira mmene analili. Atabwerera m'tauni kukaphunzira kusekondale, anyamata ena anamufunsa kuti khoma la sukulu yawo lili ndi njerwa zingati. Iye anangoliyang'ana n'kutchula nambala. Mbiri inawanda m'tauni yonse kuti Donald amawerenga njerwa pongoziyang'ana kamodzi. Atakalamba anaulula kwa atolankhani kuti nambalayo anangoipeka. Ankafuna kuti anyamatawo amukonde.

Kankhani ka njerwaka tikasunge. Anthu ambiri amaganiza kuti mwana wa otizimu safuna anzake, poti amamuona ali payekha. Koma apa tikuona mnyamata amene ankaoneka ngati alibe nawo ntchito anthu akupeka nambala kuti apeze malo pakati pa anzake.

A Triplett anamaliza koleji mu 1958, anaphunzira kuyendetsa galimoto, anayenda m'mayiko oposa 30. Tisabise, kwawo kunali kopeza bwino, ndipo banki ija inali ya abale a mayi awo. Ndalama zinawatsegulira makomo ambiri amene ana a anthu osauka a m'chigawo chomwecho sakanalowa. Komabe ndalama sizigula mwana woti akhale nawe pa desiki popanda kukuseka. Otizimu wawo sunachoke mpaka imfa. Chimene chinawayendera bwino ndi anthu amene anawazungulira, kuyambira ana a kusukulu. Ndipo mbali imeneyi ndi yotheka ngakhale pa sukulu za kwathu kuno, zimene zilibe zipangizo zodula.

Kodi otizimu n'chiyani?

Otizimu ndi kusiyana kwa kakulidwe ndi kagwiridwe ntchito ka ubongo. Munthu amabadwa nako ndipo amakhala nako moyo wake wonse. Kumaonekera m'mbali ziwiri. Yoyamba ndi ya kulankhulana ndi kucheza: mwana amachedwa kulankhula, kapena amabwereza funso m'malo moliyankha, saloza chinthu kuti ena achione, amavutika kudziwa zimene nkhope ya mnzake ikunena. Yachiwiri ndi ya kukonda kuti zinthu zizichitika mofanana tsiku ndi tsiku, kukupiza manja kapena kudzigwedeza, kukonda chinthu chimodzi mopitirira, ndiponso kumva phokoso, fungo, kuwala kapena kukhudzidwa mosiyana ndi ana ena. Ana amenewa safanana. Ena salankhula n'komwe kapena ali ndi mawu ochepa chabe. Ena amalankhula ngati wailesi. Ena amavutika kuphunzira, ena ndiwo amakhala nambala wani m'kalasi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi otizimu. Ku America, kumene ana amayezedwa kwambiri, lipoti la boma la mu 2025 linapeza mmodzi mwa 31 pakati pa ana a zaka 8. Tikangotenga chiwerengero chochepacho, sukulu ya pulayimale ya ana 1,500 ingakhale ndi ana otere pafupifupi 15. Ambiri mwa iwo alibe pepala la dokotala. Ali ndi mayina ena: wozerezeka, wamwano, wosamva, wogona m'mutu. Anyamata amapezeka nawo kwambiri kuposa atsikana, koma mbali ina n'chifukwa chakuti atsikana ambiri amabisa potengera zochita za anzawo, ndipo mtsikana wofatsa, wosalankhula, anthu amangomutama kuti ndi waulemu.

Chimene chimachititsa, mbali yaikulu ndi chibadwa, zimene timatengera kumtundu. Si kaleredwe. Kumayiko a azungu, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, madokotala ankaloza chala amayi kuti sanakonde ana awo mokwanira, ndipo maganizo amenewo anatayidwa kalekale. Kwathu chala chimaloza kwina: akuti bambo anamukhwimira mwana kuti geni iyende, akuti azakhali anamulodza, akuti mayi analakwira mwambo ali woyembekezera. Mabanja atha chifukwa cha mawu otere. Katemera nayenso alibe mlandu. Nkhani yonena kuti katemera wa chikuku amayambitsa otizimu inachokera m'lipoti la mu 1998 limene magazini ya zachipatala ya The Lancet inalichotsa mu 2010, ndipo kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2019, wa ana oposa 650,000, sanapeze kugwirizana kulikonse.

Palibe mankhwala, achizungu kapena achikuda, ochotsa otizimu. Wina akakulonjezani zimenezo, gwirani thumba lanu. Koma kuchipatala pitaniko ndithu, kuti mwana ayezedwe makutu, chifukwa kusamva kumafanana ndi otizimu pa zizindikiro zina, ndiponso chifukwa khunyu limapezeka kawirikawiri mwa ana amenewa, ndipo ilo lili ndi mankhwala.

Kalasi mmene iye amaimvera

Taganizirani kalasi ya Sitandade 1 mmene timaidziwira. Si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pansi, mawondo akugundana. Aphunzitsi akanena mawu, kalasi yonse imabwereza mofuula. Wina akakhoza, onse amaomba m'manja ndi kuimba. Belu ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, ndipo nyengo ya dzinja mvula imasokosa pa malata. Kwa ana ambiri umenewu ndi moyo wa sukulu basi. Kwa mwana amene makutu ake sasefa phokoso, zili ngati kukhala m'chigayo kuyambira m'mawa mpaka masana, wina n'kumakufunsa masamu.

Akatseka makutu ndi manja, akamadzigwedeza, akamang'ung'udza kanyimbo kake, ndiye kuti akudzithandiza kupirira. Zikamukulira amaphulika: kukuwa, kudzigwetsa pansi, kuluma dzanja lake, kuthawa. Woona amati ndi matukutuku. Koma pali kusiyana. Mwana wochita dala amasuzumira kuti aone ngati mukumuona, ndipo mukamupatsa chimene akufuna amasiya. Amene waphulika chifukwa chothedwa mphamvu saonanso munthu, ndipo chikwapu chimangowonjezera moto. Ena saphulika, amangoti zii, osayankha, osasuntha. Awa ndiwo amaiwalika msanga chifukwa savutitsa munthu.

Mwambo wathu umamuthandiza pena, pena n'kumupweteka. Mabuku a kunja amadandaula kwambiri kuti ana a otizimu sayang'ana munthu m'maso. Kwathu mwana woyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu ndi mwana woleredwa bwino, ndiye pamenepo palibe mlandu. Mlandu umabwera pa moni, pa kugwada, pa kayankhidwe. Aphunzitsi akalakwitsa chilembo pa bolodi, iye amanena pompo, mokweza, pamaso pa onse. Aphunzitsi akanena mokhadzula kuti, "Ukamaliza kusewerako undiuze," iye amaseweradi, kenako n'kubwera kudzanena kuti, "Ndamaliza." Kalasi imafa ndi phwete, aphunzitsi amapsa mtima, mwana sadziwa chimene walakwa. Anangochita zimene anauzidwa.

Komatu nthawi yovuta kuposa zonse si ya masamu. Ndi buleki. M'kalasi muli malamulo omveka: khala apa, tsegula buku, lemba. Panja malamulo alipo koma palibe amene amawanena. Ndani akuyamba? Ulowa bwanji m'masewera amene ayamba kale? Kuseka uku n'kwa chikondi kapena kwa chipongwe? Ana ena amazidziwa zimenezi popanda wowaphunzitsa. Iye ayi. Ndiye amangoyenda m'mbali mwa bwalo, kapena kuima pakhomo la kalasi kudikira belu.

Anaphunzitsa anzake, osati iye

Kwa zaka zambiri chithandizo chinkalunjika pa mwana mwiniyo: amuphunzitse kupereka moni, amuphunzitse kudikira, amuphunzitse kucheza. Gulu la akatswiri a pa yunivesite ya California ku Los Angeles, motsogozedwa ndi a Connie Kasari, linafuna kuona ngati imeneyo ndiyo njira yabwino koposa. Anatenga ana 60 a otizimu a m'sukulu wamba za pulayimale. Ena anawapatsa wamkulu wowaphunzitsa luso la kucheza. Kwa ena, akatswiriwo sanamukhudze mwanayo n'komwe. M'malo mwake anatenga ana atatu a m'kalasi mwake n'kumakumana nawo kwa mphindi 20, kawiri pa mlungu, kwa milungu 6, kuwaphunzitsa kuzindikira mnzawo amene ali yekha pabwalo, mmene angamuitanire, ndi zoti achite akakana. Ena analandira njira zonse ziwiri, ena sanalandire iliyonse.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2012. Kumene anzake anaphunzitsidwa, mwana wa otizimu ankatchulidwa ndi ana ambiri kuti ndi mnzawo, aphunzitsi anaona kuti kachezedwe kake m'kalasi kasintha, ndipo patatha miyezi itatu ankapezeka yekha pabwalo mocheperapo. Kumene anaphunzitsa mwana yekhayo, kusintha kunali kochepa. Misonkhano 12 yokha, ya mphindi 20, ndi ana atatu.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Ungamuphunzitse mwana kugogoda bwino, koma ngati a m'nyumba satsegula, waphunzira pachabe. Kafukufuku wina wa mu 2017, wa a Noah Sasson ndi anzawo ku Texas, anaonetsa anthu timavidiyo ta masekondi ochepa ta anthu a otizimu ndi ena opanda otizimu akulankhula. Oonerawo anagamula msanga kuti a otizimuwo sangakonde kucheza nawo. Koma atangopatsidwa mawu okhawo olembedwa papepala, popanda nkhope ndi liwu, kusiyanako kunazimiririka. Vuto silinali pa zimene ananena, koma pa kaimidwe, kayang'anidwe ndi kamvekedwe ka mawu. Pa kafukufuku wotsatira, akatswiri omwewo anapeza kuti oonera akauzidwa kuti munthuyo ali ndi otizimu, komanso akakhala odziwako za otizimu, amamuweruza mokoma mtima. Katswiri wina wa ku Britain, a Damian Milton, amene iwonso ali ndi otizimu, ananena mu 2012 kuti kusamvana kumeneku n'kwa mbali ziwiri: wa otizimu amavutika kutimvetsa, ifenso timavutika kumumvetsa. Ndiye bwanji mtolo wonse wa kuphunzira tiusenzetse iye yekha, amenenso ali wamng'ono?

Kuuza kalasi popanda kumuchititsa manyazi

Ana amaona kale kuti mnzawo ndi wosiyana. Akulu akakhala chete, ana amadzipezera okha mayankho, ndipo yankho lapafupi ndi lija amalimva kunyumba, la ufiti ndi misala. Choncho kulankhula n'kofunika. Koma kalankhulidwe kake kali ndi malire.

Poyamba makolo avomereze, ndipo mwana amene angathe kumvetsa afunsidwe nayenso. Wa Sitandade 7 angakane kuti dzina la vuto lake litchulidwe, ndipo kukanako kulemekezedwe. Sizifunikanso kumutchula. Ana atatu aja a ku Los Angeles sanauzidwe kuti wakutiwakuti ndiye ali ndi otizimu. Anangophunzitsidwa kuona aliyense amene watsala yekha. Chimene sichiyenera kuchitika n'kumuimika kutsogolo pa asembule, sukulu yonse ikumuyang'ana, n'kumalengeza kuti uyu ndi wodwala, muzimumvera chisoni. Chisoni sichibala ubwenzi. Chimabala mtunda.

Mphunzitsi angayambe ndi zimene ana akudziwa. Ndani amadana ndi kulira kwa choko pa bolodi? Ndani amalemba ndi dzanja lamanzere? Ndani amaopa bingu? Kenako anene zinthu zogwirika, zoti mwana wa zaka 8 angazichite lero lomwe. Mwachitsanzo: "Mnzathu akatseka makutu, phokoso likumupweteka, tichepetse. Mukamufunsa kanthu, werengani mumtima mpaka teni asanayankhe. Musamugwire modzidzimutsa kuchokera kumbuyo. Mukamuitana kokasewera n'kukana, sanakudeni, mudzamuitanenso mawa." Ndipo anene zimene mnzawoyo amatha, kaya ndi kujambula mabasi, kaya kuloweza mayina a maboma onse 28 a dziko lino, kuti ana amudziwe ndi luso lake.

Masewera asankhidwe mwanzeru. Bawo ndi phada ali ndi malamulo oonekera ndipo amaseweredwa ndi anthu ochepa. Mpira wachikulunga ndi fulaye, ndi kukuwa ndi kukankhana kwake, angamukulire poyamba, ngakhale kuti ntchito yowerenga zigoli ingamukomere kwambiri. Tsiku lina adzafuna kungokhala yekha pansi pa mtengo, ndipo limenelo si vuto. Atapirira phokoso maola atatu, kupuma ndi ufulu wake. Cholinga si chakuti azisewera tsiku lililonse, koma kuti akafuna kusewera pakhale kolowera.

Pali msampha umodzi umene ine ndimauona kuti ndi waukulu. Aphunzitsi akapeza mtsikana wofatsa, womvera, amamuika pambali pa mwana wa otizimu n'kumusiyira zonse: kumuperekeza kuchimbudzi, kumulembera notsi, kumutonthoza. Mtsikanayo amasanduka mlezi, maphunziro ake amabwerera m'mbuyo, ndipo pamapeto pake amatopa naye. Kuli bwino akhale ana atatu kapena anayi, odzipereka okha, osinthana, ndipo pakhale wina amene anzake amamumvera pabwalo. Mnyamata amene amasankha timu akati, "Uyu ali mbali yathu," nkhani yatha.

Akulu akhalenso tcheru ndi chipongwe chovala nkhope ya ubwenzi. Ana amazindikira msanga kuti mnzawo amabwereza chilichonse chimene wauzidwa, ndiye amamuphunzitsa zotukwana kuti akanene kwa aphunzitsi. Amamuvinitsa kuti aseke. Amamulanda chimanga chake chokazinga kapena phala lake pomuuza kuti anzako amagawana. Iye amafika kunyumba akusangalala kuti wapeza anzake. Kufunsa kuti "Akumakuvutitsa?" sikuthandiza, chifukwa adzati ayi. Funsani kuti, "Unakhala ndi ndani pa buleki? Anakuuza kuti uchite chiyani? Kamba wako anadya ndani?" Malo oopsa ndi amene aphunzitsi sayang'anako: kuseri kwa zimbudzi ndi njira yobwerera kunyumba. Kwa mtsikana amene akusinkhuka, amene amakhulupirira aliyense womulankhula mokoma, kukhala ndi anzake odalirika oyenda nawo pobwerera si nkhani ya ubwenzi chabe, ndi chitetezo.

Zing'onozing'ono za mphunzitsi

Mphunzitsi wa ana 100 sangakhale ndi mwana mmodzi tsiku lonse, ndipo palibe amene ayenera kumupempha zimenezo. Koma zina sizidya nthawi. Mwanayo akhale kutsogolo chakumbali, pafupi ndi khomo, pamalo amodzimodzi tsiku lililonse. Ndondomeko ya tsiku ijambulidwe pa katoni ndi zithunzi: asembule, Chichewa, masamu, phala, buleki, kuweruka. Kukakhala kusintha, monga kubwera kwa alendo kapena kusowa kwa aphunzitsi ena, auzidwiretu. Malangizo akhale aafupi, limodzi pa nthawi imodzi, opanda zining'a. Pakhale malo odziwika, pakhonde kapena pansi pa mtengo wapafupi, amene angapiteko zikamukulira, ndipo adziwe kuti si chilango.

Chimene amachikonda kwambiri chisalandidwe, chigwiritsidwe ntchito, monga anachitira alimi aja. A Temple Grandin, amene anabadwa mu 1947 ndipo sanalankhule mpaka atakwanitsa zaka zitatu ndi theka, anachotsedwa sukulu ali mtsikana atagenda ndi buku mnzawo amene ankawanyoza. Pa sukulu yotsatira anakumana ndi mphunzitsi wa sayansi, a William Carlock, amene sanalimbane ndi zokonda zawo zachilendo koma anazisandutsa ntchito ya kafukufuku. A Grandin anadzakhala pulofesa wa sayansi ya ziweto pa yunivesite ya Colorado State, ndipo makola ndi njira zoyendetsera ng'ombe zimene anakonza zimagwiritsidwa ntchito m'malo ambiri ophera nyama ku America. Si mwana aliyense adzakhale pulofesa. Koma wokonda zitsekerero za mabotolo angaphunzire nazo kuwonkhetsa, ndipo angapatsidwe udindo wozigawa ndi kuzitolera pa nthawi ya masamu. Mwana amene ali ndi ntchito m'kalasi, anzake amamuwerengera.

Kholo likagogoda ku ofesi

Makolo ambiri amapita kwa mphunzitsi wamkulu ngati opempha chifundo, ndipo akauzidwa kuti "Kuno tilibe aphunzitsi a ana otere" amabwerera mwakachetechete. Dziwani kuti lamulo lili kumbali yanu. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Dziko lino linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene gawo 24 lake limafuna kuti ana aulumali asapatulidwe m'sukulu wamba. Lamulo la aulumali la mu 2012 linaletsa kukaniza mwana malo pa sukulu chifukwa cha ulumali, ndipo mu 2024 panabwera lamulo latsopano lolowa m'malo mwake.

Kudziwa lamulo sikutanthauza kupita ndi nkhondo. Mphunzitsi amene mwamukalipira lero ndi yemweyo adzakhale ndi mwana wanu mawa inu kulibe. Pitani teremu isanayambe kapena kumayambiriro kwake, osadikira kuitanidwa pa mlandu. Tengani pepala limodzi lokha lolembedwa momveka: zimene mwana amakonda, zimene zimamuopsa, zizindikiro zoti watsala pang'ono kuphulika, ndi zimene zimamukhazika mtima pansi kunyumba. Pemphani zinthu ziwiri kapena zitatu zotheka, osati khumi. Mungapemphe malo okhala osasinthasintha, chilolezo chotuluka, ndi ana atatu oti azimuyang'anako pa buleki. Gwirizanani tsiku lodzakumananso kuti muone mmene zayendera.

Zikakanika pa sukulu, njira ilipo. Pali komiti ya sukulu ndi gulu la amayi. Pali mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, amene timamutcha PEA, ndipo pamwamba pake pali ofesi ya maphunziro ya boma lanu, kumene mungafunse za mphunzitsi wa maphunziro apadera amene ali pafupi. Aphunzitsi oterewa amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, koma ndi ochepa poyerekeza ndi ana owafuna, ndipo mmodzi amatha kuyang'anira sukulu zingapo. Kulinso mabungwe monga PODCAM, la makolo a ana aulumali, ndi FEDOMA, limene limasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali. Kholo limodzi n'losavuta kulibweza pakhomo. Makolo asanu obwera pamodzi amapatsidwa mpando.

Tinenenso zoona zake. Kungomulowetsa mwana m'kalasi si kumuphunzitsa. Alipo amene amakhala kumbuyo zaka zitatu mu Sitandade 1, akubwereza, mpaka kusanduka chimphona pakati pa tiana, anzake onse amene anamuzolowera atapita patsogolo. Musanavomere kuti abwereze, funsani kuti chaka chamawa chidzasiyana bwanji ndi chatha. Ngati yankho palibe, kutaya anzake kungamupweteke kuposa kusakhoza mayeso. Aliponso ana amene amafunika chithandizo chachikulu, amene angayambe ndi maola awiri pa tsiku, kapena kugawa nthawi pakati pa kalasi wamba ndi chipinda cha maphunziro apadera kumene chilipo. Kumeneko si kulephera. Choyezera chake n'chakuti mwana akuphunzirapo kanthu, ali wotetezeka, ndipo pali amene amamudziwa dzina. Akafika Sitandade 8, kumbutsani sukulu pa nthawi yolembetsa mayeso kuti idziwitse a MANEB za zosowa zake, chifukwa dongosolo lapadera la olemba mayeso aulumali limakonzedwa pasadakhale, osati m'mawa wa tsiku la mayeso.

Mwana mwiniyo aphunzirenso kudzilankhulira, chifukwa simudzakhalapo nthawi zonse. Wosalankhula angakhale ndi kakhadi ka chithunzi cha khomo, kokweza akafuna kutuluka. Wolankhula angaloweze ziganizo ziwiri: "Aphunzitsi, phokoso landikulira," ndi "Sindinamve, bwerezani pang'onopang'ono." Yesererani naye kunyumba, ndipo aphunzitsi adziwiretu kuti akamva mawu amenewa si mwano.

Chaka cha sukulu chikamatha mu July, zonse zimene mwamanga zikhoza kugwa, chifukwa mu September kudzakhala mphunzitsi wina, chipinda china, mwinanso anzake atagawidwa m'makalasi osiyana. Teremu yachitatu isanathe, pemphani kuti mwana akaone chipinda chatsopanocho chili chopanda anthu, aonetsedwe pamene azidzakhala, apatsane moni ndi mphunzitsi watsopanoyo. Pemphani mphunzitsi wamkulu kuti pogawa makalasi, awiri mwa anzake aja apite naye limodzi. Ndipo mphunzitsi wa chaka chino alembe m'kakope zimene zinathandiza ndi zimene zinakanika, kopelo musunge inu, mudzalipereke nokha m'manja mwa mphunzitsi watsopano sukulu zikatsegulira.